KALATA YOFUNSIRA NTCHITO NDI CV: MTHENGA WOTITSOGOLERA

Nkhani yokambidwa kwa akhristu a kwa Mpama, m'boma la Chiradzulu

MAWU OYAMBA

Nkhani ya lero ikukhudza pafupifupi khomo lililonse kuno kwa Mpama. Tikambirana za kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito pamodzi ndi chipepala chofotokoza mbiri ya munthu, chimene chimatchedwa CV, kuti wofuna ntchito aitanidwe ku intavyu.

Tonse tikudziwa m'mene zinthu ziliri. Boma lathu la Chiradzulu ndi laling'ono koma anthu tilipo ambiri. Pa kalembera wa mu 2018 tidapezeka kuti tidaposa 350,000. Minda ndi yochepa, ndipo ikagawidwa kwa ana ndi adzukulu imanka icheperachepera. N'chifukwa chake makolo amagulitsa nandolo, nkhuku, ngakhale mbuzi yomaliza m'khola kuti mwana afike Fomu 4. Mwanayo akalemba mayeso, banja lonse limayang'ana kwa iye. Iye amalemba makalata n'kuwatumiza ku Limbe, ku Blantyre, ku Zomba, koma yankho osabwera. Chaka chimatha, china n'kuthanso. Mapeto ake timamva mawu aja akuti, "Ntchito za masiku ano n'zodziwana."

Tisanamizane. Ofuna ntchito ndi ambiri kuposa ntchito zimene zilipo, ndipo kukondera kumachitika ndithu. Zimenezo sitingazithetse pa msonkhano umodzi. Koma pali mbali imene ili m'manja mwathu. Makalata ambiri amaikidwa pambali mwini wake asanaonedwe n'komwe, chifukwa cha m'mene adalembedwera. Mbali imeneyi ndiyo tikufuna tithandizane lero.

1. ZIMENE MALAMULO AKUNENA

Malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, akunena m'gawo 29 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zofunika pa moyo wake kulikonse m'Malawi muno. Gawo 20 likuletsa tsankho. Lamulo la za ntchito la mu 2000 nalonso likuletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, ndale, ulumali, kapena chifukwa choti ndi mkazi. Lamulo la mu 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amayi ndi abambo lidaonjeza kuti polemba anthu ntchito za m'boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa anthu 100 alionse, pokhapokha ngati oyenera asowa.

Koma tizindikire chinthu chimodzi. Lamulo limatipatsa ufulu wogogoda pa chitseko ndi kuweruzidwa mwachilungamo. Ntchito yeniyeniyo silitipatsa. Wolemba anthu ntchito, akakhala wachilungamo, amaweruza potengera zimene zili pa pepala. Tsono ngati pepalalo silikunena bwino za ife, ndiye kuti tadzimana tokha ufulu umene malamulo adatipatsa.

2. KODI CV N'CHIYANI?

Zilembo ziwirizi zikuimira mawu a Chilatini akuti curriculum vitae, kutanthauza ulendo wa moyo wa munthu. Ndi tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza mwachidule kuti ndinu yani, mudaphunzira chiyani, mudagwirapo ntchito zanji, mumatha chiyani, ndiponso ndani angakuchitireni umboni. Kalata yofunsira ntchito imayenda limodzi ndi CV. Kalata imapempha, CV imapereka umboni.

Pa mwambo wathu, mnyamata akafuna banja sapita yekha kukakamba nkhani kwa eni mbumba. Amatsogoza ankhoswe. Ankhoswewo akakhala olongosola, odziwa bwino mwanayo ndiponso osanama, nkhani imayenda. Akakhala ozungulirazungulira kapena okokomeza, nkhani imaonongeka mnyamatayo ali kunja. CV ndi nkhoswe yanu. Imalowa m'chipinda m'mene inu simuloledwa kulowa, ndipo imakakuyankhulirani inu kulibe.

Tiganizireko munthu amene amawerenga makalatawa. Pa tebulo pake pali mulu wa maenvulopu, ndipo mwa onsewo ayenera kusankha anthu owerengeka oti adzaonane nawo. Sawerenga kalata iliyonse modekha monga timawerengera kalata ya m'bale wathu wa ku Joni. Poyamba amachotsa zofika mochedwa, zopanda masatifiketi, ndi za anthu amene alibe maphunziro ofunikawo. Kenaka mwa zotsalazo amafufuza amene waonetsa poyera kuti ntchitoyo angaithe. Polemba, tizimukumbukira munthu ameneyu. Timupeputsire ntchito kuti zimene akufuna aziona msanga.

3. YAMBANI NDI KUWERENGA CHIDZIWITSO

Ntchito zimalengezedwa m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, pa wailesi, pa mabolodi a ku ofesi ya DC ndi ku ofesi ya za ntchito pa boma, m'zipatala, ndiponso pa masamba a intaneti a makampani ndi mabungwe. Ntchito zambiri za m'boma zimadzera ku makomishoni monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission.

Mukapeza chidziwitso, musathamangire kulemba. Chiwerengeni katatu muli ndi pensulo m'manja. Dulani mzere kunsi kwa izi: dzina la ntchito, maphunziro ofunika, zaka zimene munthu ayenera kuti adagwirapo ntchito, luso lofunika, mapepala oti muphatikize, kumene mutumize, ndi tsiku lotsekera.

Tiyerekeze kuti sitolo ina ku Limbe ikufuna wosunga katundu. Chidziwitso chikuti munthuyo akhale ndi MSCE yokhala ndi kirediti ya masamu, akhale wodziwa kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo akhale wokhulupirika. Amenewo ndi mafunso atatu. CV yanu iyenera kuyankha onse atatu pa tsamba loyamba. Mawa sukulu ina ikafuna kalaliki, mafunso adzakhala ena, ndipo CV iyenera kukonzedwanso kuti zoyenerana ndi ntchito ya kusukuluyo zikhale patsogolo. Ambiri timalemba CV imodzi, n'kupangitsa mafotokope makumi asanu, n'kumatumiza kulikonse. Pepala lotere limayankha mafunso amene palibe wafunsa.

Ngati chidziwitso chikufuna digiri ndipo inu muli ndi MSCE, sungani ndalama ya fotokope ndi thiransipoti. Idzakuthandizani pa ntchito ina yokuyenerani.

4. ZIGAWO ZA CV

M'dziko muno CV imalembedwa m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha m'maofesi. Chingerezi chake chikhale chosavuta, cha ziganizo zifupizifupi. Mawu akuluakulu amene mwini wake sakuwamvetsa amadzamukola pa intavyu. Nazi zigawo zake:

a) Dzina ndi kumene mungapezeke. Mutu wake pa Chingerezi ndi Personal Details. Lembani dzina monga liliri pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi. Ikani nambala ya foni imene imagwira ntchito. Kwathu kuno foni imatha kukhala tsiku lonse kotchajitsa, choncho onjezani nambala yachiwiri ya m'bale wodalirika, ndipo mumuuziretu. Ngati mukugwiritsa keyala ya sukulu kapena ya parishi, dziwitsani eni ake kuti kalata yanu isagone m'kabati. Imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina lachibwana la pa Facebook. Mtundu wanu, mpingo ndi chipani sizofunika kulemba pokhapokha atafunsa pa chifukwa chomveka.

b) Mawu achidule. Mizere iwiri kapena itatu yonena kuti ndinu munthu wa luso lanji ndipo mukufuna ntchito yotani.

c) Maphunziro, pa Chingerezi Education. Yambani ndi amene mwamaliza posachedwa, kubwerera m'mbuyo. Lembani dzina la sukulu, chaka ndi satifiketi imene mudalandira. Pa MSCE onetsani phunziro lililonse ndi giredi yake. Monga tidziwa, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi. Wowerenga asavutike kufufuza ngati muli ndi kirediti ya Chingerezi kapena masamu. Amene mudali Fomu 2 m'zaka zimene mayeso a JCE adaimitsidwa, asanabwezeretsedwe mu 2021, musade nkhawa, MSCE yanu ikukwanira. Ngati mudaphunzira ku Catholic University ku Nguludi, ku Magomero, ku Mikolongwe, ku Soche Technical College, ku Nasawa kapena kwina kulikonse, lembani dzina lenileni la kosi ndi bungwe limene lidapereka satifiketi. Maphunziro a masiku ochepa amene mabungwe amachititsa m'midzi nawonso alembedwe, ngati muli ndi pepala lake.

d) Ntchito zimene mudagwirapo, pa Chingerezi Work Experience. Apanso yambani ndi yaposachedwa. Tchulani malo, udindo, mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munkachita.

e) Luso, pa Chingerezi Skills. Kompyuta, laisensi yoyendetsera galimoto kapena njinga yamoto, ziyankhulo monga Chichewa, Chiyao, Chilomwe ndi Chingerezi. Bungwe logwira ntchito m'midzi limafuna munthu womvana ndi anthu m'chiyankhulo chawo, choncho musachite manyazi kuzitchula.

f) Mboni, pa Chingerezi Referees. Za iwo tinena pa mutu 6.

5. "KOMA INE SINDINAGWIREPO NTCHITO"

Awa ndi mawu amene achinyamata ambiri amanena, ndipo chigawo cha ntchito amachisiya chopanda kanthu. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tidaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndipo n'zoona. Koma kunena zimene udachitadi si kudzitama ayi, ndi kupereka umboni.

Taganizani bwino. Alipo pakati pathu amene adagwira nawo ntchito ya kalembera mu 2018. Alipo amene adathandiza pa zisankho za mu 2019, 2020 kapena 2025. Namondwe wa Freddy atasakaza boma lathu mu Malichi 2023, achinyamata ena adadzipereka kulemba maina a ovutika ndi kugawa chithandizo m'misasa. Ena amaphunzitsa ana ku sukulu ya mkombaphala, ena ndi aphunzitsi odzipereka ku pulaimale. Ena ndi alembi kapena asungichuma a mphakati, a kwaya, a banki mkhonde, a komiti ya mjigo. Ena adagulitsapo tomato ndi kabichi pa msika wa Mbulumbuzi, ena adakhalapo pa kauntala ya Mpamba kapena Airtel Money. Zonsezi ndi ntchito, ndipo zimaonetsa luso limene olemba ntchito amalifuna: kusunga ndalama, kulemba malipoti, kusunga nthawi, kukhala bwino ndi anthu.

Chinsinsi chake chili pa kafotokozedwe. Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba walemba kuti, "Ndine wolimbikira ntchito ndi wokhulupirika." Wachiwiri walemba kuti, "Kuyambira 2022 mpaka 2024 ndidali msungichuma wa banki mkhonde ya anthu 25. Ndinkalemba masheya ndi ngongole sabata iliyonse, ndipo pogawana kumapeto a chaka mabuku ankagwirizana ndi ndalama za m'bokosi." Mawu a woyambayo aliyense angathe kuwalemba, ngakhale wakuba. A wachiwiriyo ali ndi zaka, chiwerengero ndi zotsatira, ndipo munthu angathe kukafunsa n'kupeza kuti n'zoona. Mwini sitolo ya ku Limbe uja adzaitana wachiwiriyu.

Amene mudaphunzira ukalipentala, zomangamanga, kusoka kapena kuwotcherera pa manja a mmisiri wa m'mudzi, lembani zaka zimene mudakhala naye ndi zimene mudapanga: madesiki angati, nyumba zingati. Dziwaninso kuti bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesera amisiri ophunzirira pa ntchito kuti alandire satifiketi. Kafunseni, pakuti safunsa adadya phula.

Ngati pali zaka zimene mudakhala pakhomo kulera mwana, kudwazika kholo kapena kulima, nenani choncho mu mzere umodzi. Zaka zongosowa popanda kufotokoza zimabweretsa chikaiko.

6. MBONI ZANU

Kawirikawiri amafuna mboni zitatu. Sankhani anthu amene akudziwa ntchito kapena khalidwe lanu: mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene mudaphunzira, abwana anu akale, mkulu wa bungwe limene mudadziperekako, bambo mfumu kapena mtsogoleri wina wachipembedzo. Amalume, alamu ndi anzanu ocheza nawo sakhala mboni. Munthu wotchuka amene sakukudziwani sangakuthandizeni, chifukwa akaimbiridwa foni adzangoti, "Ameneyo ndani?"

Apempheni kaye musanalembe maina awo, ndipo muwauze ntchito imene mukufunsira. Lembani dzina, udindo, keyala ndi nambala ya foni yolondola.

Pano pali phunziro kwa amene muli kale pa ntchito, ngakhale ya m'nyumba kapena ya ulonda. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Tsazikani bwino. Dziwaninso kuti lamulo la za ntchito la mu 2000 likuti ntchito ikatha, wantchito akapempha, abwana ayenera kumupatsa chikalata chosonyeza nthawi imene wagwira ndi udindo umene adali nawo. Chikalata chimenechi ndi ufulu wanu. Chipempheni musanachoke, ndipo muchisunge pamodzi ndi masatifiketi.

7. LEMBANI ZOONA ZOKHAZOKHA

Munthu akasowa ntchito nthawi yaitali, mayesero amabwera. Wina amasintha 7 kuti aoneke ngati 1. Wina amabwereka satifiketi ya mkulu wake. Wina amalemba kuti amadziwa kompyuta pamene sanaikhudzepo. Abale, njira imeneyi ndi ya kuphompho. Olemba ntchito angathe kufunsa ku MANEB ku Zomba kuti atsimikize zotsatira za mayeso. Kupanga kapena kugwiritsa ntchito satifiketi yachinyengo ndi mlandu umene munthu angamangidwe nawo, ndipo ukadziwika ngakhale patapita zaka khumi, ntchito imatha pomwepo. Kuonjeza apo, wolowa ndi bodza walanda malo a mnzake amene adakhetsa thukuta.

Mavuto enieni ali ndi njira zake zoyenera. Ngati satifiketi idatayika, idapsa kapena idapita ndi madzi, pitani ku sukulu yanu yakale ndi ku MANEB kukapempha chikalata chotsimikiza zotsatira zanu. Ngati dzina la pa satifiketi likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, monga zimachitikira ena akakwatiwa kapena akasiya dzina la kusukulu, kalumbireni kwa majisitireti kapena kwa loya kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo pepala lake muziliphatikiza. Ngati magiredi ndi ofooka, bwerezani mayeso. Palibe manyazi pamenepo.

8. KALATA YOFUNSIRA NTCHITO

Kalata isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba pakhale keyala yanu, tsiku, ndi keyala ya kumene ikupita, yolembedwa ndendende monga iliri m'chidziwitso. Mutu wa kalata utchule dzina la ntchito, ndi nambala yake ngati yaperekedwa. Kenaka ndime zitatu:

Ndime yoyamba inene ntchito imene mukufunsira ndi kumene mudaona chidziwitso, ndi tsiku lake.

Ndime yachiwiri itchule zinthu ziwiri kapena zitatu zosonyeza kuti mukuyenera ntchitoyo. Musakopere CV yonse.

Ndime yachitatu inene mapepala amene mwaphatikiza ndi kuti ndinu wokonzeka kubwera ku intavyu. Potsiriza sainani.

Cholakwika chimene chimaoneka kawirikawiri ndi kusandutsa kalata kukhala dandaulo: "Ndine mwana wamasiye, ndikusamala abale anga asanu, chonde ndichitireni chifundo." Mavutowo ndi oona ndipo ndi opweteka. Koma wolemba ntchito naye ali ndi vuto lake limene akufuna munthu woti amuthetsere. Muonetseni kuti munthuyo ndinu.

Ngati chidziwitso chanena kuti kalata ilembedwe pamanja, lembani nokha, mwaukhondo. Ngati chanena kuti mudzaze fomu, dzazani fomuyo. Kutsatira malangizo ndiwo mayeso oyamba.

9. MAONEKEDWE NDI KATUMIZIDWE

CV itaipidwe pa kompyuta, pa pepala loyera, ndi zilembo zooneka bwino. Maluwa, mitundu ndi zokongoletsa sizifunika. Chithunzi muike pokhapokha atachifuna. Kwa amene wangomaliza sukulu tsamba limodzi likwanira, kwa ena asapitirire awiri.

Mukapita kotaipitsa, pitani ndi zimene mwalemba kale pamanja. Musalole kuti wotaipayo angotenga CV ya munthu wina n'kusintha dzina. Zikatero mumapezeka kuti mwalembedwa luso limene mulibe, mwinanso nambala ya foni ya mwini wake woyamba. Werengani musanalipire, makamaka dzina, manambala ndi zaka. Kenaka patsani mphunzitsi kapena munthu wina wodziwa Chingerezi kuti aonenso. Uzani wotaipa akutumizireni CV yanu pa foni kapena pa imelo kuti mudzathe kuikonza mtsogolo.

Tumizani mafotokope okha. Masatifiketi enieni asachoke m'manja mwanu, mudzawaonetsa pa tsiku la intavyu. Ngati akufuna mafotokope otsimikizidwa, kadinditseni kwa amene ali ndi mphamvu yotero, monga majisitireti kapena loya. Envulopu ikhale yaikulu kuti mapepala asapindike. Potumiza pa imelo, mapepala akhale a PDF, ndipo pa mutu wa imelo lembani dzina la ntchito. Chithunzi chojambula ndi foni, chopendekera, chooneka mphasa kumbuyo, chimachotsa ulemu wa pepala labwino. Musadikire tsiku lotsekera. Tsiku limenelo ndi limene magetsi amazima ndipo minibasi imafera pa njira.

Khalani ndi kope lolembamo ntchito iliyonse imene mwafunsira, tsiku lake ndi CV imene mudatumiza. Foni ikalira patapita miyezi iwiri, mudzadziwa amene akuyankhula.

10. CHENJERANI NDI AKAMBEREMBERE

Pamene pali njala ya ntchito, afisi sachedwa kufika. Mauthenga amabwera pa foni kapena pa WhatsApp onena kuti mwasankhidwa, koma tumizani kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya kuchipatala. Kumbukirani kuti ntchito yeniyeni sigulidwa. Musanatumize ndalama kapena fotokope ya chiphaso chanu, pitani nokha ku ofesi yotchulidwayo kapena kafunseni ku ofesi ya za ntchito pa boma.

Wogwira ntchito amene akupempha "ya fanta" kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda akuphwanya lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995, limene lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau. Wopereka naye amakhala wolakwa. Ndipo inu atsikana ndi amayi, bwana wofuna thupi lanu posinthana ndi ntchito akupalamula mlandu pansi pa lamulo la mu 2013 lija. Kaneni, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo nkhaniyo ikafike ku polisi.

Ntchito za kunja zimafuna kusamala koposa. Mu 2024 dziko lonse lidamva za amayi a ku Malawi oposa 50 amene adachita kuwomboledwa ku Oman, kumene adapita atalonjezedwa ntchito zabwino koma adakapeza nkhanza, mapasipoti awo atalandidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa anthu. Musanyamuke musanaone mgwirizano wolembedwa ndi kufunsa ku unduna wa za ntchito ngati wokutumizaniyo ndi wovomerezeka.

11. MUKAITANIDWA, NDIPONSO MUKAPANDA KUITANIDWA

Mukaitanidwa, werenganinso CV yanu, chifukwa mafunso ambiri adzachokera m'menemo. Konzekerani kufotokoza mzere uliwonse. Fufuzani ntchito za kampani kapena bungwelo. Tengani masatifiketi enieni ndi chiphaso, valani zoyera ndi zaulemu, ndipo fikani nthawi isanakwane. Apa ndi pamene wolemba zoona amapezera mtendere, chifukwa alibe choti abise.

Mukapanda kuitanidwa, musafulumire kunena kuti mwalodzedwa kapena kuloza chala azakhali. Tengani chidziwitso chija ndi CV yanu, muziike pamodzi, muone funso limene simudaliyankhe. Mwina mudayankha onse koma ena adakuposani. Zimachitika. Pamene mukudikira, musakhale manja lende. Ganyu, bizinesi yaing'ono ndi ntchito yodzipereka zimadyetsa lero, ndipo mawa zimasanduka mzere watsopano pa CV. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

12. UDINDO WA MAKOLO NDI MPHAKATI

Mutu umodzi susenza denga. Makolo, sungani masatifiketi a ana m'pulasitiki, pamalo posafika chiswe ndi madzi. Mwana akasowa ntchito musamunyoze pamaso pa anzake, ndipo musagulitse munda kuti mupereke chiphuphu.

M'mphakati uliwonse muli mphunzitsi, namwino, kalaliki kapena wina wopuma pa ntchito. Anthu amenewa angathe kupatula tsiku limodzi pa mwezi kuti awerenge ma CV a achinyamata. Wogula nyuzipepala asakulungire usipa tsamba la ntchito, alibweretse ku tchalitchi likhomedwe pa bolodi. Atsogoleri, perekani maudindo enieni kwa achinyamata, monga ulembi ndi kusunga chuma, ndipo akagwira bwino alembereni kalata ya umboni yokhala ndi chidindo. Koma umboni wathu ukhale woona. Tikachitira umboni munthu amene tikudziwa kuti ndi wosakhulupirika, mawa kalata ya parishi yathu idzakhala yopanda mphamvu kwa ana ena onse.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Tchulani ntchito zisanu zimene achinyamata a m'mudzi mwanu amagwira koma saziwerengera ngati ntchito. Kodi iliyonse ikuonetsa luso lanji?

2. Sinthani mawu akuti "ndine wolimbikira" kuti akhale umboni wokhala ndi chaka, chiwerengero ndi zotsatira.

3. Mnzanu wauzidwa kuti atumize ndalama pa foni kuti aitanidwe ku intavyu. Mungamulangize zotani?

4. Ndani mu mphakati wanu angathandize kuwerenga makalata ndi ma CV? Adzayamba liti?

MAWU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, CV yabwino siitsegula fakitale yatsopano ndipo siithetsa kukondera. Chimene imachita n'chakuti mwana wa kwa Mpama amene ntchito angaithe asatsale kunja chifukwa cha pepala losalongosoka. Tsono pempho lathu ndi ili: sabata ino aliyense wofuna ntchito atenge kope, alembe zonse zimene adaphunzira ndi zimene adagwirapo, ndi zaka zake. Pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu abwere nalo kopelo pamodzi ndi chidziwitso cha ntchito chimodzi, kuti tidzayambire pamenepo.